Batire ya LiPo Usamaitchaje Uli Mtulo

Mphwanga, poti walowa m'masewera a airsoft, tiye tikambirane za kabatire kamene umalowetsa m'mfutiyo. Za magalasi oteteza maso anzako akuuza kale, ndipo kachipolopolo kapulasitiki ka mamilimita 6 kakangokuluma pakhungu udzamvetsa wekha. Za batire ndiye ambiri amangozitenga mwachibwana, chonsecho ndi imene ingakuotchere nyumba.

Kampani ya ku Japan ya Tokyo Marui itatulutsa mfuti ya FAMAS yoyendera magetsi mu 1991, osewera ankagwiritsa ntchito mabatire a NiCd, kenako a NiMH. Amenewo anali olemera koma opirira nkhanza. LiPo ndi yopepuka, imapereka moto wambiri nthawi imodzi, ndipo mfuti imayankha ukangokhudza trigger. Komatu yakutidwa ndi kachikopa kofewa kokha, ndipo mankhwala ali m'katimo amayaka.

Manambala ake uwadziwe pamtima. Selo imodzi ndi 3.7V, ndipo ikadzadza imafika 4.2V, osapitirira. Batire yolembedwa 7.4V ili ndi maselo awiri, ya 11.1V ili ndi atatu. Ine ndimati woyamba kumene ayambire ya 7.4V. Ya 11.1V imasangalatsa kulira kwake, koma imapsereza tizitsulo ta trigger ngati mfuti ilibe kachipangizo kotiteteza kotchedwa MOSFET, komanso imatopetsa magiya msanga.

Tchaja chikhale cha LiPo, chija amati balance charger. Paja batireyo ili ndi mawaya awiri aakulu, ndiye pambali pali kapulagi koyera ka timawaya tating'ono. Kameneko ndi kamene kamathandiza tchaja kuona selo iliyonse payokha. Ukakanyalanyaza, selo imodzi ikhoza kupitirira 4.2V inzake ikadali m'mbuyo, tchaja n'kumangoona kuti chiwerengero chonse chili bwino. Tchaja cha NiMH ndiye usayerekeze n'komwe, ngakhale pulagi italowa. Chimenecho chimadikira kuti mphamvu itsike pang'ono kuti chidziwe kuti batire yadzadza, koma LiPo sichita zimenezo, choncho chimangothirabe mpaka moto utabuka. Liwiro lotchajira ulitengere pa kukula kwa batire: ya 1200mAh itchaje pa 1.2A. Idzatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo ola limenelo ukhale pomwepo.

Apa ndiye pamene ndikukupempha ndi mtima wonse. Ndikudziwa mmene zimakhalira magetsi akathima tsiku lonse n'kudzabwera pakati pa usiku, mawa lake kuli masewera. Umalumikiza foni, laputopu ndi batire, n'kukagona. Ya LiPo yokha isiye, ndi bwino ukabwereke ya mnzako. Selo ikayamba kutentha imayatsa inzake, malawi amatuluka mwamphamvu pakamphindi, ndipo utsi wake ndi wapoizoni. Munthu amene ali maso amamva kafungo, amaona batire ikutupa, amazula pulagi. Wogona amadzidzimuka makatani atagwira kale.

Tchajira pansi pa simenti, kutali ndi matiresi, zovala ndi mapepala, batire ili m'kachikwama kosagwira moto kamene amagulitsa m'mashopu a airsoft. Pafupi pakhale ndowa ya mchenga wouma. Ikayaka, kwirira ndi mchengawo, tsegula mazenera, tulutsa anthu.

Kubwalo nako kuli msampha wake. Ukamva kuti mota yayamba kukoka mwaulesi, leka kuwombera pomwepo, ngakhale masewera atafika pokoma. Selo ikatsika kupyola 3.0V imawonongeka m'kati, ndipo kuitchajanso n'koopsa. Gula kachipangizo koyezera mphamvu, n'kotchipa, ndipo ukaona 3.5V pa selo usinthe batire. Mukaweruka ichotse m'mfuti, chifukwa ma MOSFET ena amayamwa moto pang'onopang'ono mfuti ili chigonere m'kabati. Ngati upuma masabata angapo, isunge pa 3.8V pa selo. Tchaja chabwino chili ndi batani lake la zimenezo. Usaisiye m'galimoto yoimikidwa padzuwa, ndipo ukamakwera ndege iike m'chikwama cham'manja, mapulagi ake utawamata ndi tepi.

Batire yabwino imakhala yafulati ndi yolimba ukaigwira. Tsiku lina udzaipeza itafufuma ngati mandasi, pakati patakwera, ukadina ndi chala n'kumabwerera. Umenewo ndi mpweya wa mankhwala amene akuwonongeka. Ndaona anyamata akuikanikiza ndi buku kuti ilowenso m'mfuti, ena akufuna kuiboola ndi singano kuti mpweya utuluke. Zimenezo ayi, mphwanga, ngakhale itakhala kuti unaigula mwezi watha. Itulutse panja, ilumikize ku kababu kakang'ono ka galimoto ili pamchenga mpaka moto wonse uthe, kenako ukaipereke kumalo olandira mabatire akutha. M'bini ya zinyalala isapitemo, chifukwa galimoto yonyamula zinyalala imafinya katundu wake, ndipo kumbuyo kwake kumakhala anthu.