NCHENCHE YA KU HAWAII YA MUTU NGATI NYUNDO

Aliyense adziwa tinchenche tija tounjikana pa nthoci yakupsetsa kapena pa mango ovunda. Anthu ophunzira za tizirombo achula mtundu wace Drosophila. Abale a tinchenche timeneti ali pa dziko lonse lapansi, koma palibe malo ena pamene mitundu yace iculuka monga pa zisumbu za Hawaii, pakati pa nyanja yaikulu ya Pacific, mtunda wopitirira mamailosi 2,000 kucokera ku America. Phunziro lino likamba za mtundu umodzi wa kumeneko, Drosophila heteroneura, umene watsala pang'ono kutha.

Maonekedwe ace

Nchenche iyi iri m'gulu la mitundu yopitirira 100 imene ichedwa ya mapiko olembedwa, cifukwa mapiko ace ali ndi mawanga ndi mizere yodera, ndipo mtundu uli wonse uli ndi malembedwe ace-ace. Nchenche za gululi zikula kupambana tija ta pa nthoci, zina kufikira msinkhu wa nchenche ya m'nyumba. Woyamba kulongosola heteroneura m'buku adali R. C. L. Perkins, m'caka ca 1910.

Cozizwitsa cace ndiwo mutu wa yamphongo: uli wotambasuka cam'mbali monga nyundo, ndipo maso ali kunsonga kwace, lina uku lina uko. Yamphongo isankha kamalo pa tsamba kapena pa nthambi kodikirirapo zazikazi. Ikadza inzace kudzalanda kamaloko, ziwirizo zigundana mitu ndi kukankhana monga atonde, kufikira ina ithawa. Yopambanayo iyenerabe kuvina pamaso pa yaikazi ndi kunthunthumiritsa mapiko, ndipo yaikazi ikapanda kukondwa nayo, ingouluka.

Idafika bwanji kumeneko?

Zisumbu za Hawaii zidaphuka m'nyanja ndi mphamvu ya mapiri a moto, ndipo sizidalumikizanepo ndi dziko lina. Cotero ca moyo ciri conse ca kumeneko, makolo ace adacita kuoloka nyanja. Akatswiri ayesa kuti kholo la nchenchezi lidafika zaka ngati 25 miliyoni zapitazo, pa zisumbu zakale zimene zidakokoloka ndi kumira. Pophuka cisumbu catsopano, nchenche zowerengeka zinkaolokerako, ndipo zidzukulu zace, pokhala pazokha nthawi yaitali, zinkasanduka mtundu watsopano. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha: mwa njira imeneyi mudaturuka mitundu imene iyesedwa kufika pafupi 1,000.

Nchito yaikulu yofufuza mbiriyi idayamba m'caka ca 1963, motsogozedwa ndi D. Elmo Hardy wa ku Hawaii ndi Wilson Stone wa ku Texas. Mnzao Hampton Carson, poyang'ana ndi magalasi okuza tizingwe ta cibadwa ta m'thupi mwa mphutsi, adalondola mapazi a mitundu yambiri kucokera cisumbu cina kunka cina. Heteroneura ipezeka pa cisumbu cimodzi cokha, cacikulu cija cochedwa Hawaii, cimene ciri cotsiriza kuphuka, cosakwana zaka miliyoni imodzi.

Moyo wace uli pa khungwa lovunda

Kwao kwa nchencheyi ndiko m'nkhalango za cinyontho m'mbali mwa mapiri. Yaikazi siikira mazira pa cipatso ciri conse monga acitira abale ace a pa nthoci. Ifuna khungwa ndi nthambi zoyamba kuvunda za mitengo yowerengeka, makamaka citsamba ca Clermontia, cimene eni dziko achula ohawai. Mphutsi zidya tizirombo tosaoneka ndi maso timene tivunditsa khungwalo. Zitakhwima zigwera pansi ndi kulowa m'dothi, m'mene zisandukira nchenche.

Apa ndipo pagona nkhani. Citsamba cimodzi camoyo sicikwanira, pakuti nthambi yovunda ikhala yabwino kwa mphutsi kanthawi kocepa. Pafunika zitsamba zoculuka, kuti nyengo iri yonse papezeke nthambi ina imene yangofa kumene. Zitsamba zikacepa, nchenche iyamba kusowa poikira ngakhale nkhalango ikali kuoneka yobiriwira.

Adani ace

Pa zisumbuzi kale kudalibe nyama za ziboda. Anthu oyamba kufikako adadza ndi nkhumba zazing'ono. James Cook adasiyako nkhumba za ku Ulaya ndi mbuzi m'caka ca 1778, ndipo George Vancouver adadza ndi ng'ombe m'caka ca 1793. Zina mwa ziwetozi zidalowa m'chire ndi kuswana komweko. Nkhumba zifukula nthaka ndi kuzula mbande, ng'ombe zidya ndi kupondereza zitsamba, makoswe adya zipatso ndi kukukuta makungwa, ndipo m'malo ofukulidwawo mumera maudzu acilendo.

Mdani wina ndiwo mavu a mawanga acikasu a ku North America, Vespula pensylvanica, amene adafalikira pa cisumbuco m'zaka za m'ma 1970. Kwao mavuwa afa ndi cisanu caka ndi caka, koma ku Hawaii zisa zina zipyola nyengo yozizira ndi kukula koposa. Agwira tizirombo kukadyetsa ana ao, ndipo nchenche yaikulu yokhala poyera kudikira yaikazi igwidwa mosabvuta.

Zimene zacitika

M'zaka za m'ma 1970 heteroneura inkapezeka m'malo ambiri. M'zaka khumi zotsatira idazimirira, kotero kuti ena adayesa kuti yatheratu, kufikira 1993 pamene zowerengeka zidapezeka pa phiri la Hualalai. M'caka ca 2006 boma la United States lidaika mitundu 12 ya nchenche za mapiko olembedwa, pamodzi ndi iyi, pansi pa lamulo losunga zamoyo zimene ziri pafupi kutha, ndipo m'caka ca 2008 lidachula nkhalango zofunika pa moyo wa mitunduyo.

Osunga nkhalango amanga mipanda ya waya, nacotsa nkhumba ndi ng'ombe m'katimo, nabzala zitsamba zimene zidatha. Nchitoyi ipindulira anthunso, pakuti nkhalango zomwezo ndizo zisunga madzi a mvula amene midzi ya kumunsi imwa. Akatswiri adziwa kuweta heteroneura m'mabotolo, koma nchenche ya m'botolo iribe kobwerera ngati zitsamba zace zatha. Wofuna kuipulumutsa ayenera kuyamba ndi mpanda ndi mbande.