Ulendo Wokaphunzira za Moto: Mwana Achite Yekha

Mwana wamng'ono akaona utsi m'nyumba, kaŵirikaŵiri sathaŵira panja. Amabisala kunsi kwa kama kapena kuseri kwa chitseko. Pa nthaŵi yotere mawu akuti "moto ngwoopsa", amene analemba m'kope, samthandiza. Chimene chimampulumutsa ndi chimene thupi lake linazoloŵera kuchita. Chifukwa chake mphunzitsi wokonza ulendo wokaphunzira za moto ayenera kudzifunsa kuti, "Kodi mwana aliyense akachitako chiyani ndi manja ake?"

Chitsanzo cha ku Tokyo

Pa 1 September 1923 chivomezi chachikulu chinagwedeza Tokyo, ku Japan, masana anthu ali kuphika. Anthu oposa 100,000 anafa, ambiri a iwo chifukwa cha moto umene unabuka pambuyo pake. Kuyambira 1960 tsiku limeneli lakhala lokumbutsana za kupeŵa ngozi. Ozimitsa moto a mzindawo ali ndi nyumba zophunzitsiramo anthu ku Ikebukuro, Honjo ndi Tachikawa, ndipo kuloŵa nkwaulere. M'menemo alendo sangomvetsera chabe. Amadutsa m'kanjira kodzaza utsi wosavulaza ataŵerama, naphunzira kulozetsa chozimira moto pa chithunzi cha malaŵi. Amene wadutsamo saiŵala kuti mpweya wabwino uli pansi.

Mphunzitsi amene alibe nyumba yotere pafupi angatsate njira yomweyi popita ndi ana kwa ozimitsa moto a m'mizinda monga Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu.

Musanapite

Pemphani chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa makolo, ndipo kambiranani ndi ozimitsa moto za msinkhu wa ana anu. M'kalasi yatsani kandulo, nimuivundikire ndi botolo lagalasi. Lolani ana aŵerenge mokweza mpaka laŵi litazima, kenaka anene okha chifukwa chake. Apa adzazindikira kuti moto umafuna zinthu zitatu: kutentha, chinthu choyaka ndi mpweya. Chimodzi chikachotsedwa, moto umazima.

Muli kumeneko

Gaŵani ana m'magulu ang'onoang'ono kuti wamanyazi asabisale kumbuyo kwa anzake. Aliyense achite izi:

1. Akwaŵe kunsi kwa nsalu imene anthu aŵiri aitambasula ngati utsi, kufikira atafika pakhomo.
2. Ayerekeze kuti zovala zake zagwira moto: aime, agone pansi, aphimbe nkhope ndi manja, nagubuduke. Kuthamanga kumakoleza malaŵi.
3. Afuule kuti "Moto!" ndi mawu amphamvu, natchule malo pamene pali motowo.

Pemphaninso wozimitsa moto kuti avale zovala zake zonse ana akuona. Munthu wophimba nkhope, wopuma mwaphokoso, amaopsa mwana. Koma mwana amene anamuona akuvala sadzamthaŵa tsiku la ngozi.

Mutabwerako

Ulendo suthera pachipata cha sukulu. Funsani ana za moto wa kwawo: mbaula, kandulo, koloboyi, ndi moto wothera m'nyengo yozizira. Aphunzitseni kuti mafuta ophikira akayaka sathiramo madzi. Amavundikira poto ndi chivundikiro. Munthu akapsa, pamalopo pathiridwe madzi ozizira kwa mphindi 20, ndipo pasapakidwe dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Bala lalikulu nlofunika chipatala msanga. Koposa zonse, mwana adziŵe kuti ntchito yake nkutuluka ndi kuitana akulu, osati kulimbana ndi moto kapena kubwerera kukatenga katundu.

Pomaliza sankhani mtengo umodzi pabwalo kuti ukhale pokumanira. Tsiku lina imbani belu mosayembekezeka, ana atuluke mwadongosolo, ndipo muitane maina onse. Mayeso enieni a phunziroli ndi ameneŵa. Ngati pali mwana amene wabwerera kukatenga chikwama chake, dziŵani kuti phunziro silinathe. Libwerezeni sabata yotsatira.

Zoti mukambirane

1. Kodi phunziroli mungalisinthe bwanji kuti liyenere ana a Sitandade 1, ndiponso a Sitandade 7?
2. M'kalasi mwanu muli mwana wosamva kapena wovutika kuyenda. Adzadziŵa bwanji za ngozi, ndipo adzatuluka ndi yani?