PHUNZIRO LA ZAUMOYO: KAMWEDWE KA MANKHWALA A BP OCHEDWA ENALAPRIL

Matenda othamanga magazi, amene ambiri timangoti BP, afala kwambiri m'makomboni mwathu. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unacita m'caka ca 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse m'Zambia ali ndi BP yokwera. Lero tiphunzira za enalapril, mankhwala amene amaperekedwa m'makiliniki ndi m'zipatala kwa odwala BP ndi odwala mtima.

BP yokwera ndi ciani?

Namwino akapima pa mkono amalemba manambala awiri. Ngati manambalawo afika 140/90 kapena kuposa apo pa masiku osiyana, munthuyo ali ndi BP yokwera. Bvuto lake ndi lakuti kawirikawiri sipweteka. Munthu amalima, amagulitsa pa msika, amadya bwino, koma mkati mitsempha ya magazi, mtima ndi impso zili kuonongeka pang'onopang'ono. Mapeto ake ndi sitiroko, kufooka kwa mtima kapena kufa kwa impso.

Kodi enalapril amagwira nchito bwanji?

M'thupi muli cinthu cina cochedwa angiotensin cimene cimafinya mitsempha ya magazi. Enalapril amacepetsa kapangidwe ka cinthuci, conco mitsempha imamasuka, magazi amayenda mosabvuta ndipo mtima supopa mwamphamvu kwambiri. Ndiye cifukwa cake adotolo amaperekanso mankhwalawa kwa munthu amene mtima wake wafooka, uja amene amatupa miyendo ndi kupuma mobanika akagona.

Mapilitsi ake amakhala a 5 mg, 10 mg kapena 20 mg. Adotolo amayamba ndi mlingo wocepa ndi kuonjezera pambuyo pake. Kwa ife anthu akuda, enalapril pa yekha nthawi zambiri satsitsa BP mokwanira, motero amamuphatikiza ndi amlodipine kapena mapilitsi okodzetsa. Mukapatsidwa mitundu iwiri musaganize kuti matenda akula. Imwani yonse.

Malangizo a kamwedwe

1. Imwani pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, kamodzi kapena kawiri monga mwauzidwira. Mungamwe mutadya kapena musanadye.

2. Mukaiwala, imwani mukangokumbukira. Koma ngati nthawi yomweranso yayandikira, lumphani piritsi loiwalikalo. Musamwe awiri nthawi imodzi.

3. Musaleke cifukwa mukumva bwino. Mankhwalawa amatsitsa BP koma saicotseratu. Mukaleka imakweranso, ndipo ambiri amafunika kumwa moyo wao wonse.

4. Pitani kukatenga ena kutatsala sabata imodzi kuti athe. Popita ku maliro kapena kumunda kumudzi, nyamulani okwanira pamodzi ndi khadi lanu.

5. Musagawireko mnansi wanu ngakhale akudandaula mutu ngati inu. Iye ayambe wapimidwa.

Zimene mungamve m'thupi

Masiku oyamba ena amamva cizungulire, makamaka podzuka. Yambani mwakhala pa bedi kanthawi musanaimirire. Ena amayamba cifuwa couma cokanda pakhosi cimene sicimva mankhwala a cifuwa. Kauzeni adotolo, angakusinthireni ndi mtundu wina monga losartan. Kumbukiraninso kuti cifuwa cosatha ciyenera kupimidwa TB.

Koma ngati milomo, lilime, nkhope kapena pakhosi patupa, lekani kumwa ndipo thamangirani kucipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Kutupa kotere kungatseke njira ya mpweya, ndipo kumacitika kwambiri kwa anthu akuda kuposa azungu. Amene zinamucitikirapo asadzamwenso enalapril.

Cenjezo kwa amai

Enalapril amaononga impso za mwana amene ali m'mimba. Mai amene ali ndi pakati sayenera kumwa mankhwalawa. Ngati mufuna kutenga mimba, kapena mwaphonya mwezi, pitani ku kiliniki msanga kuti akupatseni ena oyenera monga methyldopa kapena nifedipine. Musangokhala opanda mankhwala, pakuti BP yokwera ndi yoopsa kwa mai ndi mwana yemwe.

Zosayenera kusakaniza

Mapilitsi a ululu monga brufen ndi diclofenac, amene ambiri amagula okha, amakweza BP ndipo pamodzi ndi enalapril angapweteke impso. Pa mutu kapena msana imwani panado. Mukatsegula m'mimba kwambiri kapena kusanza, thupi limauma ndipo BP ingatsike mopitirira, conco onanani ndi acipatala tsiku lomwelo. Ngati mumamwa zitsamba, auzeni adotolo mosabisa. Iwo adzafunanso kupima magazi anu nthawi ndi nthawi kuti aone impso ndi mcere wa m'magazi wochedwa potaziyamu.

Nchito ya a m'nyumba

Piritsi silingagwire bwino ngati mphika uli wodzaza mcere. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiko kuti kasipuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zakudya zonse. Cotsani mcere pa thebulo. Kapenta ndi nsomba zouma za mcere muzibviika m'madzi ndi kutaya madziwo musanaphike. Cepetsani soda ndi tumakyubu tokometsera ndiwo, ndipo curukitsani cibwabwa, bondwe, repu ndi nyemba. Mowa ucepe, fodya aleke, ndipo kuyenda pansi mphindi 30 pa tsiku kumathandiza.

Ana ndi adzukulu, kumbutsani agogo nthawi ya mankhwala ndi tsiku lobwerera ku kiliniki. Ndipo inu odwala, musacoke pa windo la mankhwala musanamvetse kamwedwe kake. Akulu anati safunsa anadya phula.