Phunziro la Mwezi Uno: Za Kulonda Mapazi a Namondwe

Akulu athu amati tsoka silinunkha, ndipo pa zinthu zambiri mau amenewa ali oona. Koma lilipo tsoka limodzi limene lioneka likali kutali, ndilo namondwe wochokera ku nyanja yamchere. Monga mlenje alonda mapazi a nyama nazindikira kumene yalowera, chomwecho alipo anthu amene nchito yao ndiyo kulonda namondwe usana ndi usiku. Ife a ku Misesa ndi onse okhala m'tsinde mwa mapiri a Blantyre tiyenera kudziwa machitidwe a nchito imeneyi, pakuti ikhudza miyoyo yathu.

1. Kumene namondwe abadwira

Namondwe sabadwira pamtunda ai, koma pa nyanja ya madzi ofunda, ofika madigiri 26 kapena 27. Dzuwa likaotcha nyanja ya India, nthunzi zikwera kumwamba nizisanduka mitambo; pamenepo mpweya wa m'mbali uthamangira kudzadzaza malo osiyidwawo, ndipo popeza dziko lapansi lizungulira, mphepoyo iyamba kuzungulira monga kabvumvulu wamkulukulu. Kuno kumwera izungulira monga muyendera mibvi ya wotchi. Pakati pache pakhala malo a bata otchedwa diso, koma m'mphepete mwa disolo ndimo muli mphepo yoopsa koposa. Nyengo yache ndiyo kuyambira pakati pa Novembala kufikira kutha kwa Epulo, ndiyo nyengo yomwe ya dzinja lathu.

2. Momwe amlondera

Kale anthu anadalira mbiri ya amalinyero, ndiponso chipangizo choyesa kulemera kwa mpweya, chimene chitsika namondwe akayandikira. Lero alipo makina oyenda m'mlengalenga, otchedwa masetilaiti, amene ajambula mitambo kosalekeza. Zithunzizo zipendedwa pa chisumbu cha La Réunion, kum'mawa kwa Madagascar, kumene a Météo-France anapatsidwa udindo wa kuyang'anira chigawo chathu cha nyanja. Namondwe akakhalapo, iwo atumiza mbiri maora 6 ali onse: pamene ali, mphamvu yache, ndi kumene ayesa kuti adzafika m'masiku 5 akudza.

Mphepo ikafika liwiro la makilomita 63 pa ora, ampatsa dzina, kuti anthu asasokoneze wina ndi mnzache. Ikafika 118, ndiye namondwe wamphumphu. Koma zindikirani ichi: ngakhale mphepo yache ithamanga chotero, thupi lonse la namondwe kawirikawiri lisendera pang'onopang'ono, monga munthu wa panjinga. Ndicho chifukwa chache nthawi ya kuchenjeza anthu ipezeka. Mbiriyo ifika ku Nthambi ya Boma yoona za nyengo, imene likulu lache lili mu Blantyre momwemuno, ndipo iwo aiulutsa pa wailesi ndi pa lamya za m'manja.

Pa mapu ajambula njira ya namondwe yopapatiza poyamba, ninka nikula patsogolo. Kutanthauza kwache ndi uku: za mawa adziwa bwino, koma za tsiku lachisanu angoyerekeza. Chotero mbiri ya dzana siikwanira lero.

3. Ulendo wa Freddy

Tiyeni titenge chitsanzo chimene mabala ache sanapole. Namondwe Freddy anabadwa kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, kutali pakati pa Australia ndi Indonesia, ndipo a ku Australia ndiwo anamutcha dzinalo. Anaoloka nyanja yonse ya India, nagwera Madagascar pa 21 Febuluwale, nalowa Mozambique pafupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale. Ambiri anayesa kuti wathera pomwepo. Koma anabwerera kunyanja, napezanso mphamvu m'madzi ofunda, ndipo pa 11 Malichi anatulukanso pafupi ndi Quelimane, monga makilomita 300 kuchokera kuno. Pambuyo pache bungwe la dziko lonse loona za nyengo linabvomereza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe ali yense wolembedwa kale.

Mvula inagwa masiku otsatana osakata. Pa 13 Malichi matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche nizikwirira nyumba za ku Chilobwe. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu kunali maliro omwewo. Akufa pamodzi ndi osowa m'dziko muno anaposa 1,000, ndipo anthu oposa 500,000 anasiya nyumba zao. Taonani, chinthu chimene chinaoneka koposa mwezi wathunthu chisanafike, chinapeza ambiri ali m'nyumba zao.

4. Choopsa chathu ndi madzi

Namondwe akalowa pamtunda asowa chakudya chache, ndicho nthunzi za nyanja, ndipo mphepo yache ifooka. Pamenepo wina akamva pa wailesi kuti wafooka, mtima wache ukhala pansi. Uku ndi kulakwa kwakukuru. Mitambo yache ikali yolemera ndi madzi, ndipo ikagunda mapiri monga Mulanje, Soche ndi Ndirande, ikwera, nizizira, nikhuthula zonse. Dothi likakhuta madzi lilemera niliterereka, makamaka kumene mitengo inadulidwa ndi kumene tinakumba phiri pomanga nyumba. Makolo athu anachitcha chimenechi Napolo. Anachiona ku Zomba mu Disembala 1946, ndi ku Phalombe mu Malichi 1991. Idai wa 2019 ndi Ana wa 2022 anatipwetekanso ndi madzi koposa ndi mphepo.

5. Chimene tiyenera kuchita

Choyamba, m'dzinja mverani mbiri ya nyengo tsiku ndi tsiku, ndipo wakumva auze wosamva, makamaka nkhalamba ndi odwala. Pamene tisonkhana tsiku la Sabata, akulu a Mpingo alengeze chenjezo likakhalapo.

Chachiwiri, panganani pabanja mvula isanayambe kuti mudzathawira kuti: kwa mbale wa pamalo abwino, ku sukulu, kapena ku nyumba ya mapemphero yomangidwa kutali ndi mtsinje ndi phompho. Makalata ofunika, mabuku a kuchipatala ndi mankhwala zikhale m'thumba limodzi losalowa madzi.

Chachitatu, yang'anani zizindikiro: ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo yopendekeka, akasupe otumphuka pamene panalibe, mtsinje wosanduka matope kapena wophwa modzidzimutsa mvula ikali kugwa, ndi mkokomo wa kuphiri. Mukaona izi musalindire kucha.

Chachinai, chokani kukali kowala. Tidziwa kuti kusiya nyumba ndi katundu nkobvuta, ndipo mantha a mbala ali oona. Koma pakadafunda padajiwitsa. Mbale ndi mabulangete zigulikanso, mwana sagulika. Musaoloke madzi othamanga, ndipo musabwerere msanga pongoona dzuwa lawala. Kumbukirani kuti Freddy anachoka nabweranso.

Mafunso a kukambirana m'mudzi

1. Namondwe atenga kuti mphamvu yache?
2. Chifukwa ninji mbiri ya dzana siikwanira lero?
3. Namondwe akafooka, choopsa chotsala nchiani?
4. Chenjezo likamveka usiku uno, inu ndi a pabanja panu mudzapita kuti, ndipo adzanyamula agogo ndani?