Mmene Nyimbo za M'tchalitchi Zinayambira Kuimbidwa M'mawu Angapo

Zaka zoposa 1,000 zapitazo, amonke a ku Ulaya ankaimba masalimo ndi mapemphero m'Chilatini. Onse ankaimba mawu amodzi. Panalibe besi, panalibe tena, panalibenso limba kapena ng'oma. Nyimbozi zimadziwika ndi dzina la Papa Gregory Woyamba, amene anatsogolera mpingo kuyambira 590 mpaka 604.

Poyamba nyimbo zonse ankaziloweza pamtima. Mphunzitsi amayamba, ana n'kumabwereza. Kuti mwana adziwe nyimbo za chaka chonse, pankapita zaka pafupifupi 10. M'zaka za m'ma 800 alembi anayamba kuika timadontho ndi tingowe pamwamba pa zilembo. Tizizindikiroti tinkauza woimba kuti apa kweza, apa tsitsa. Koma sitinkamuuza kuti akweze mpaka pati.

Vutoli analithetsa ndi Guido, mmonke wa ku Arezzo m'dziko la Italy, cha m'ma 1025. Iye anajambula mizere yopingasa n'kuika tizizindikiro tija pamzere kapena pakati pa mizere. Kachizindikiro kakakhala pamwamba, woimba amakweza mawu. Kakakhala pansi, amatsitsa. Mzere umodzi unali wofiira, wina wachikasu, kuti diso lisasochere. Anapatsanso masitepe a mawu mayina awa: ut, re, mi, fa, sol, la. Pambuyo pake ut uja anasanduka do. Tsopano munthu ankatha kuimba nyimbo imene sanaimvepo.

Nanga mawu achiwiri anabwera bwanji? Cha m'ma 900 oimba ena ankatsagana ndi nyimbo ija pansi pake, motalikirana masitepe anayi kapena asanu. Gulu lina likakwera, iwonso amakwera. Likatsika, amatsika. Kaimbidweka kankatchedwa organum.

Luso linakula ku Paris, pa tchalitchi cha Notre-Dame chimene anayamba kumanga mu 1163. Kumeneko wopeka nyimbo wina, Léonin, analemba nyimbo za mawu awiri. Oimba a pansi ankakoka liwu limodzi kwa nthawi yaitali, pamene woimba wa pamwamba ankayenda mofulumira, kukwera ndi kutsika. Cha m'ma 1200 wopeka nyimbo winanso, Pérotin, anawonjezera mawu achitatu ndi achinayi. Kuti onsewa asasiyane m'njira, anafunika kuwerenga nthawi mofanana. Choncho olemba a ku Paris anapeza njira yosonyezera liwu lalitali ndi lalifupi. Kwaya ya mawu anayi imafuna zonse ziwirizi: kudziwa pokwera ndi kudziwa nthawi.

Mafunso

1. Kodi amonke ankaimba m'chilankhulo chanji?
2. Kodi mizere ya Guido inkathandiza bwanji woimba?
3. N'chifukwa chiyani oimba a Pérotin anafunika kuwerenga nthawi mofanana?

Ntchito

Gawanani magulu awiri. Gulu loyamba likoke "do" osasintha. Gulu lachiwiri liimbe do, re, mi, fa, sol, kenako litsike. Mvetserani bwino malo amene mawu anu akugwirizana, ndipo mawa mudzauze anzanu zimene mwamva.