Kuchoka pa LPN Kufika pa RN Osasiya Ntchito: Mafunso ndi Mayankho

Kodi LPN ndi RN amasiyana pati?

Ku United States unamwino uli ndi makwerero. LPN, kapena kuti Licensed Practical Nurse, ndi namwino amene amaphunzira pafupifupi chaka chimodzi, nalemba mayeso otchedwa NCLEX-PN. Ku California ndi ku Texas namwino yemweyu amatchedwa LVN. Ntchito yake ndi ya pambali pa bedi: kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga, kutsuka mabala ndi kumanga bandeji, kupereka mankhwala, kubaya jakisoni, ndi kulemba zonse zimene waona. Amagwira ntchito motsogozedwa ndi RN kapena dokotala, ndipo ambiri amapezeka m'nyumba zosamalira okalamba.

RN, Registered Nurse, amaphunzira zaka ziwiri kuti apeze digiri yaing'ono yotchedwa ADN, kapena zaka zinayi kuti apeze BSN. Kusiyana kwenikweni kuli pa amene amagamula. Nkhalamba ikayamba kubwebweta pakati pa usiku, kuthamanga kwa magazi n'kutsika, LPN amayeza, amalemba, n'kukanena. RN ndiye ayenera kulumikiza zizindikirozo, kuona ngati si matenda olowa m'magazi, kusintha dongosolo la chisamaliro, ndi kusankha ngati dokotala adzutsidwe pompo. Kuunika wodwala koyamba, kugawa ntchito kwa ena, ndiponso m'zigawo zambiri kuyambitsa ntchito yoika magazi, zonsezi zili m'manja mwa RN. Malire enieni amasiyana chigawo ndi chigawo, chifukwa chilichonse chili ndi lamulo lake la unamwino.

N'chifukwa chiyani munthu wantchito kale amabwerera kusukulu?

Malipiro ndi chifukwa choyamba. Mu May 2023 nthambi ya boma yoona za ntchito inapeza kuti malipiro apakati a LPN anali madola 59,730 pachaka, pamene a RN anali madola 86,070. Chachiwiri ndi makomo: mawodi a odwala mwakayakaya, chipinda cha opaleshoni ndi maudindo a utsogoleri amafuna RN. Komanso m'chaka cha 2010 bungwe la Institute of Medicine linalimbikitsa kuti pofika 2020 anamwino 80 mwa 100 alionse akhale ndi BSN, ndipo zipatala zambiri zinayamba kulemba ntchito poyang'ana digiriyo. New York inapitirira: mu 2017 inakhazikitsa lamulo lakuti RN watsopano apeze BSN zisanathe zaka 10 chilandirireni chiphaso.

Maphunziro akutali amayenda bwanji?

Anthu ofuna maphunzirowa si ana a sukulu. Ambiri ali ndi mabanja, lendi ndi mashifiti a maola 12. Kusiya ntchito kwa zaka ziwiri sangathe. Maphunziro akutali amachotsa kalasi pamalo amodzi n'kuiika mu kompyuta. Aphunzitsi amajambuliratu maphunziro, wophunzira n'kumaonera pa nthawi imene wapeza mpata. Namwino wotuluka ku shifiti ya usiku amagona pang'ono, masana n'kutsegula laputopu patebulo la kukhitchini, akuwerenga za mmene impso zimasefera magazi uku akuyang'ana nthawi yokatenga ana. Ntchito zolemba zimatumizidwa pa intaneti, ndipo tsiku lomaliza likadutsa, ladutsa.

Mayeso a m'kati mwa teremu amalembedwanso kunyumba, koma pali mlonda. Wophunzira amaonetsa chitupa chake ku kamera, amazungulitsa kamerayo chipinda chonse kuti ione kuti pakhoma palibe zolemba, ndipo foni imaikidwa kutali. Mwana akalowa m'chipindamo mosayembekezeka, mayesowo atha kuimitsidwa kapena kufufuzidwa.

Zimene zimaphunzirika bwino mwa njira imeneyi ndi za m'mutu: kagwiridwe ntchito ka mankhwala m'thupi, magwero a matenda, malamulo ndi chikhalidwe cha unamwino, umoyo wa m'madera, ndi utsogoleri. Masukulu ambiri amayamba ndi phunziro la mlatho, lothandiza LPN kusintha kaganizidwe. Phunziroli limaoneka lopepuka, koma n'limene limaulula vuto la anthu odziwa ntchito: munthu amene wakhala zaka khumi akunena zimene waona kwa wina, tsopano afunika kuzolowera kuti mawu omaliza ndi ake.

Kodi munthu angamalize zonse osaponda m'chipatala?

Ayi, ndipo sukulu yolonjeza zimenezi ndi yokayikitsa. Kalasi imasamuka, wodi sisamuka. Mabungwe opereka ziphaso amafuna kuti wophunzira asamalire odwala enieni pamaso pa mphunzitsi kapena namwino womuyang'anira, m'mawodi a akuluakulu, a ana, a amayi oyembekezera ndi a matenda a maganizo. Apa mpamene LPN wa m'nyumba ya okalamba amazindikira kuchepa kwa zimene wadutsamo. Amadziwa mabala a pabedi kuposa mphunzitsi wake, koma mwina sanagwirepo khanda lobadwa kumene chichokereni kusukulu.

Masukulu amakonza gawoli mosiyanasiyana. Ena amaitana ophunzira kusukulu masiku angapo pa teremu. Ena, monga Indiana State University, imene ili ndi maphunziro a pa intaneti ochotsa LPN kufika pa BSN, amalola wophunzira kuchita za m'wodi m'chipatala cha kufupi ndi kwawo, pansi pa RN wovomerezeka wotchedwa preceptor. Funso lofunika kufunsa ndalama zisanalipidwe ndi lakuti: malo a m'chipatalawo amapeza ndani, sukulu kapena wophunzira? Ngati ndi wophunzira, ayenera kudziwa kuti zipatala zimayamba zapereka malo kwa masukulu a m'dera lawo, ndipo pakati pa chipatala ndi sukulu payenera kukhala pangano losainidwa. Kudikira pepala limodzi limeneli kumatha kudya teremu yathunthu.

Palinso zidole zamakono zoyesererapo zimene zimapuma, kutsokomola ndi kusintha kugunda kwa mtima. Mu 2014 bungwe la NCSBN, limene limasonkhanitsa mabungwe a ziphaso a m'zigawo, linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa m'masukulu 10. Linapeza kuti ophunzira amene theka la maola awo a m'wodi anathera pa zoyeserera zokonzedwa bwino anachita mofanana ndi anzawo. Zigawo zambiri zinatsamira pa kafukufukuyu polola zoyeserera kulowa m'malo mwa gawo la maola. Gawo lotsalalo limafunabe wodwala wamoyo.

Amafuna chiyani polowa, ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Chiphaso cha LPN chimene chikugwira ntchito komanso chopanda mlandu ndicho choyamba. Kenako pamabwera maphunziro oyambira: kapangidwe ndi kagwiridwe ntchito ka thupi, tizilombo toyambitsa matenda, maganizo a munthu, ndi kalembedwe ka Chingerezi. Masukulu ambiri salandira maphunziro a sayansi akalekale, choncho wina amauzidwa kubwereza zimene anakhoza kale. Ambiri amafunanso mayeso olowera a TEAS kapena HESI, umboni wa katemera, ndi kufufuzidwa ngati munthu anapalamulapo.

Zoyambirazi zikatha, njira ya ADN imatenga chaka chimodzi kapena chimodzi ndi theka, ya BSN zaka ziwiri kapena zitatu. Zotsatsa malonda zimakonda kutchula nambala yaing'onoyo osawerengera miyezi ya zoyambira.

Njirayi inayamba liti?

Chitsanzo chodziwika kwambiri chili ku Albany, New York. Mu 1971 bungwe la Board of Regents linakhazikitsa dongosolo lopereka madigiri kwa anthu ophunzira okha kunja kwa kalasi. Dongosololi linadzatchedwa Regents College, mu 2001 n'kukhala Excelsior College, ndipo mu 2022 Excelsior University. Maganizo ake pa unamwino anali akuti LPN kapena wachipatala wa ku usilikali ali kale ndi luso la manja, choncho chofunika ndi kumuyesa, osati kumubwezera m'wodi ngati mlendo. Wophunzira ankawerenga yekha, kulemba mayeso a phunziro lililonse, ndipo pamapeto ankapita kuchipatala chosankhidwa kukachita mayeso a masiku awiri ndi theka otchedwa CPNE. Kumeneko ankasamalira odwala enieni woyesa ali chilili pambali. Kuiwala chinthu chimodzi chofunika, ngakhale kusamba m'manja kapena kutsimikiza dzina la wodwala asanapereke mankhwala, kunali kokwanira kumugwetsa pa wodwala ameneyo.

Anthu ambiri anafika pa RN mwa njirayi, koma si zigawo zonse zimene zinakhutira. California inagamula kuti amene analembetsa kuyambira kumapeto kwa 2003 sadzapatsidwa chiphaso cha RN kumeneko ndi maphunziro amenewo okha, chifukwa munalibe maola a m'wodi oyang'aniridwa. Zigawo zina zinaonjezera maola amene omaliza ayenera kukwaniritsa. Sukulu inali yomweyo, digiri yomweyo, koma m'chigawo china munthu ankavala baji ya RN pamene m'china ankabwezedwa.

Ndiye sukulu yoyenera imadziwika bwanji?

Sukulu imapereka digiri. Chiphaso chimachokera ku bungwe la anamwino la m'chigawo. Choncho kufufuza kumayambira ku bungwelo, osati kwa wolemba ophunzira wa sukulu, amene ntchito yake n'kudzaza malo. Wofuna kulembetsa afunse bungwe la kumene akufuna kukagwira ntchito ngati limalandira omaliza maphunziro amenewo, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Chachiwiri ndi chivomerezo cha mabungwe oyesa masukulu a unamwino, makamaka ACEN ndi CCNE. CCNE imaona kuyambira pa BSN kupita m'mwamba, choncho maphunziro a ADN sangakhale nacho chivomerezo chake. Popanda chivomerezo chotere, digiri imatha kukanidwa pamene munthu akufuna kupitiriza maphunziro. Mabungwe a m'zigawo amafalitsanso chiwerengero cha ophunzira a sukulu iliyonse amene anakhoza NCLEX ulendo woyamba, ndipo n'chothandiza kuchiyerekeza ndi chiwerengero cha amene anayamba n'kumaliza. Sukulu itha kukhozetsa bwino chifukwa choti inagwetsa ofooka onse panjira.

Palinso makampani ogulitsa mabuku ndi maphunziro okonzekera mayeso amene amalankhula ngati ndi masukulu, pomwe sapereka digiri iliyonse. Choipitsitsa chinaululika mu January 2023, pamene boma linazenga mlandu anthu 25 pa kafukufuku wotchedwa Operation Nightingale: madipuloma abodza a unamwino oposa 7,600 anagulitsidwa kudzera m'masukulu atatu a ku Florida. Mabungwe a m'zigawo anayamba kulanda ziphaso za amene anawagula, ngakhale kuti anali atakhoza NCLEX.

Njira zachidule zovomerezeka nazonso zili ndi mtengo wake. California ili ndi njira ya mayunitsi 30 yolola LVN kulemba mayeso a RN popanda digiri, koma zigawo zina sizilandira chiphaso chopezeka motero.

NCLEX-RN ndi mayeso otani?

Wophunzira pa intaneti ndi wa m'kalasi amakumana pa mayeso amodzi, olembedwera kumalo a kampani ya Pearson VUE, osati kunyumba. Kuyambira 1994 amalembedwa pa kompyuta imene imasankha funso lotsatira potengera yankho lapitalo: wakhoza, likubwera lolimba, walakwa, likubwera lopepukirako. Kuyambira pa 1 April 2023 mafunso amakhala pakati pa 85 ndi 150 m'maola asanu, ndipo muli nkhani za odwala zimene zimasintha pang'onopang'ono, wolemba n'kumasankha chimene chikufunika msanga. Wolephera amadikira masiku osachepera 45. Msampha wa LPN wodziwa ntchito ndi kuyankha monga zimachitikira pa wodi yake yosowa anthu, pomwe mayeso amafuna zimene zili m'buku.

Kodi njirayi ilipo ku Africa?

Mayina ndi osiyana koma makwerero ndi omwewo. M'Malawi muli anamwino a gawo lapansi otchedwa NMT, ophunzira m'makoleji a mipingo a CHAM ndi ku Malawi College of Health Sciences, ndiponso anamwino a digiri ochokera ku masukulu monga Kamuzu University of Health Sciences ndi Mzuzu University. Onse amalembetsedwa ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo khonsoloyi ndi imene imavomereza maphunziro okwezera, kaya ndi a m'kalasi kaya akutali.

Kenya inayesa njira ya kutali pa chiwerengero chachikulu. Mu 2005 bungwe la AMREF, khonsolo ya anamwino ya dzikolo ndi kampani ya Accenture anayambitsa maphunziro a pa kompyuta ofuna kukweza anamwino a gawo lapansi pafupifupi 22,000, amene makalasi wamba akanatha kutenga ochepa okha pachaka. Popeza intaneti inali yosadalirika, makompyuta anaikidwa m'zipatala ndi m'masukulu a unamwino, maphunziro ali m'kati mwake kale. Namwino ankawerenga akaweruka, za m'wodi n'kumachita pansi pa omuyang'anira, ndipo pomaliza ankalemba mayeso a khonsolo limodzi ndi ochokera m'kalasi.