Phunziro 17: Tikupita Kunyanja ndi Mwana

Tiwerenge mokweza, tonse pamodzi:

Nyanja ndi yaikulu.
Mwana ndi wamng'ono.
Bambo ndi mayi akukonza ulendo.

Liwu lathu la lero ndi nyanja. Tiligawe: nya-nja. Abale ake a nya ndi awa: nya, nye, nyi, nyo, nyu. Timawamva m'mawu awa: nyanja, nyemba, nyimbo, nyongolotsi, nyumba. Aliyense alembe mawu asanuwa m'kope mwake tisanapitirire.

Amayi ndi abambo, anthu ambiri a kumtunda kuno amamera imvi asanaione nyanja, chonsecho ili m'chigawo chathu chomwe chino cha Niassa. Ena tili ndi abale kumeneko, koma timangopitako pakagwa maliro. Munthu wolima chaka chonse ayenera kupumulako, ndipo mwana ayenera kuwadziwa agogo ake akali moyo. Lero tiphunzira kukonza ulendo wotere. Titenge banja la m'mudzi wa pafupi ndi Lichinga: bambo, mayi ndi mwana wa zaka 2. Agogo a mwanayo amakhala ku Chuanga, kumpoto pang'ono kwa Metangula, kumene kuli mchenga wabwino.

Njira ndi nyengo

Kuchokera ku Lichinga kukafika ku Metangula pali makilomita opitirira 100. Msewu umadzera ku Maniamba, kenaka umatsika mapiri mokhotakhota. Lichinga ili pamwamba, mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja ya mchere. Nyanja ya Niassa ili pansi, mamita osakwana 500. Ndiye chifukwa chake timanyamuka titafunda, ndi kukafika tikutuluka thukuta. Mwana amamva kusinthaku kuposa ife.

Nanga tipite mwezi uti? M'dzinja ayi. Munda ukufuna khasu, udzudzu ndi wambiri, ndiponso matenda otsegula m'mimba amachuluka nthawi ya mvula. Mu Juni ndi mu Julayi kumaomba mwera, mphepo yochokera kumwera. Mwera ukakula nyanja imachita mafunde aakulu, ngakhale asodzi amakokera mabwato kumtunda. Mu Okutobala mchenga umatentha masana mpaka kuwaula mapazi a mwana, ndipo ndi nthawi yososa. Ife tikuona kuti kumapeto kwa Ogasiti ndi kuchiyambi kwa Seputembala ndi pabwino. Chimanga chili m'nkhokwe, nyemba zagulitsidwa, kuzizira kwatha, ndipo kutentha sikunafike pachimake.

Ndalama

Ulendo uyambe ndi kukambirana. Bambo asangodzuka ndi kunena kuti mawa tinyamuka. Mayi ndiye adziwa zimene mwana amadya ndi zimene zatsala m'nyumba. Akhale pansi onse awiri, kope ndi pensulo zili m'manja.

Mitengo imasintha, choncho kafunseni pokwerera chapa musanawerengere. Pano tingoyerekeza, kuti tiphunzire kuphatikiza. Tinene kuti munthu mmodzi alipira metikali 300. Akuluakulu ndi awiri: 300 kuphatikiza 300 ndi 600. Kupita ndi kubwera: 600 kawiri ndi 1,200. Mwana akhala pamiyendo. Chakudya cha panjira, 300. Sopo, shuga ndi mchere wa agogo, 400. Usipa wouma wobwera nawo, 500. Tikaphatikiza zonse tipeza 2,400.

Koma sitinathe. Tiikepo 600 ina imene sitidzaikhudza. Mayi aimange pa nsonga ya kapulana. Ndalama imeneyi ndi ya tsiku limene mwana watentha thupi usiku ndipo tifunika njinga yamoto kupita kuchipatala. Tsono ulendo wonse ndi metikali 3,000. Akuluakulu ena amawerengabe ndi makonto. Kumbukirani kuti mu 2006 ndalama idachotsedwa maziro atatu, kotero konto imodzi yakale ndi metikali imodzi ya lero.

Ndalama ya ulendo ichokere ku nyemba, mbatatesi kapena nkhuku. Isachokere m'nkhokwe ya chimanga, ndipo isakhale ya mbewu ndi feteleza. Ngati siikukwana, ulendo udikire chaka chamawa. Masiku anayi a kunyanja asatibweretsere njala mu Febuluwale.

Tisaiwalenso kumudzi. Mbuzi, nkhuku ndi nkhokwe zisiyidwe m'manja mwa munthu mmodzi wodziwika, ndipo agogo auzidwe tsiku lofika.

Katundu wa mwana

Akuluakulu satenga zambiri: zovala, chitupa cha aliyense, ndi mphatso ya nyemba, pakuti kunyanja amaziyamikira. Mtolo waukulu ndi wa mwana. Choyamba ndi khadi lake la kuchipatala. Pa khadipo palembedwa katemera amene adalandira ndi kulemera kwake. Namwino wa ku Metangula samudziwa mwana wathu, koma akawerenga khadi amudziwa. Ife amene tikuphunzira kuwerenga, titsegule khadilo usiku uno tione ngati pali katemera wotsala. Ngati alipo, mwana alandire tisananyamuke.

Chachiwiri ndi neti ya udzudzu. Tisanene kuti tikabwereka. Kenaka makapulana atatu, chipewa, kapu yake ndi supuni yake, botolo la madzi owiritsa, ndi ufa wa phala. Kunyanja amadya kwambiri kondowole, nsima ya chinangwa. Ndi yokoma ndi chambo kapena utaka, koma mwana wozolowera phala la chimanga akhoza kuikana, ndipo mwana wanjala sapatsa munthu mpumulo. Ngati akuyamwabe, ayamwe kawirikawiri panjira. Nsomba timupatse, koma mayi ayambe waifufuza ndi zala kuchotsa minga.

M'chapa mwana akhale pamiyendo ya wamkulu, kutali ndi chitseko. Pokhotakhota paja ana ambiri amasanza, choncho asadye zamafuta m'mawa umenewo. Kumbuyo kwa lole yopanda denga si malo a mwana.

Madzi

Apa tiwerenge pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene pali moyo wa mwana.

Nyanja ya Niassa ndi yaitali makilomita oposa 500, ndipo pena ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Koma mwana safera pakuya. Amafera pamphepete, m'madzi ofika m'katumba mwa munthu wamkulu. Mutu wa mwana wa zaka 2 ndi wolemera poyerekeza ndi thupi lake. Funde laling'ono likamugwetsa chafufumimba, amalephera kudzuka. Salira, sakuwa, pakuti pakamwa padzaza madzi. Zonsezi zimachitika m'mphindi zochepa, nthawi yongopereka moni kwa mnansi. Bungwe la WHO limanena kuti ana aang'ono osakwana zaka 5 ndiwo amamira kwambiri kuposa anthu a misinkhu ina.

Pagombe pamakhala anthu ambiri. Amayi akuchapa, abambo akusoka ukonde, anyamata akusambira. Bambo aganiza kuti mwana ali ndi mayi. Mayi aganiza kuti ali ndi agogo. Agogo aganiza kuti ali ndi bambo. Choncho timatchula dzina la munthu mmodzi: "Bambo ake, mwana ali ndi inu mpaka ndithe kuchapa." Ndipo bambo ayankhe kuti: "Ndamva, ali ndi ine." Woyang'anirayo akhale pafupi moti atatambasula dzanja amugwire. Asamwe mowa, asagone, asatanganidwe ndi foni. Akafuna kuchoka, apereke mwana m'manja mwa wina ndi mawu omveka.

Mtsikana wa zaka 7 si woyang'anira mwana pamadzi. Kumudzi amabereka mng'ono wake bwinobwino, tikudziwa. Koma kunyanja nayenso ndi mwana wofuna kusewera, ndipo sangathe kuvuula mnzake.

Ana a kunyanja amasambira ngati nsomba chifukwa adakulira pomwepo. Wathu ndi mlendo. Asakwere bwato, ngakhale amalume ake atamukonda chotani. Bwato likagudubuka, wamkulu sangasambire atanyamula mwana. Ndipo tifunse eni mudzi malo osambira. Ng'ona ndi mvuu zimakonda mathiriro a mitsinje ndi m'mabango, makamaka m'bandakucha ndi madzulo.

Ngati tsoka lagwa, mwana wavuulidwa ndipo sakupuma, tisamuzondotse ndi kumukutumula. Timugoneke chagada pouma, tikweze chibwano pang'ono, ndi kumuuzira mpweya m'kamwa kasanu, tikuona chifuwa chikukwera. Kenaka tidinikize pakati pa chifuwa ndi dzanja limodzi ka 30, tiuzirenso kawiri, ndi kubwerezabwereza. Wina athamange kukaitana thandizo. Ngakhale mwana atatsitsimuka, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Matenda atatu

Oyamba ndi likodzo. M'madzi mumakhala nkhono zazing'ono. Munthu wodwala likodzo akakodza m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa, ndipo tizilombo timalowa mu nkhono. Timakulira m'menemo, kenaka timatuluka ndi kuboola khungu la amene ali m'madzi. Timatuluka kwambiri masana dzuwa lili pamutu. Nkhonozi zimachuluka m'madzi odikha, a udzu ndi bango, pafupi ndi midzi, koma ngakhale pamchenga woyera zina zimapezeka. Patapita miyezi iwiri kapena itatu, mwana amayamba kukodza magazi. Akuluakulu ena amati ndi chizindikiro chakuti mnyamata akukula. Si zoona. Ndi nthenda, ndipo ikakhalitsa imawononga chikhodzodzo ndi impso. Mankhwala ake ndi praziquantel. Ana a sukulu amalandira kusukulu, koma wa zaka 2 sali m'gulu limenelo.

Maganizo athu ndi akuti mwana wa msinkhu uwu safunika kuviikidwa m'nyanja. Mchenga umamukwanira. Mupatseni chikho ndi supuni pamthunzi wa mtengo, adzakumba mpaka kutopa. Posamba, madzi a m'nyanja ayambe awiritsidwa ndi kuzizira, kapena akhale m'ndowa masiku awiri, pakuti tizilomboto sitikhala moyo nthawi yaitali kunja kwa nkhono. Agogo akhoza kuseka kuti ana awo onse adakulira m'madzi omwewo. Tiwayankhe mwaulemu, koma tisagonje.

Achiwiri ndi kutsegula m'mimba. Madzi a m'nyanja amaoneka oyera ngati galasi, koma anthu amasambamo ndi kuchapamo. Mu Seputembala 2022 mliri wa kolera udayambira m'boma lomweli la Lago, ndipo pambuyo pake udafika m'zigawo zina za dziko lathu. Madzi akumwa tiwiritse, kapena tithiremo Certeza monga momwe palembedwera pa botolo. Mwana akachita chimbudzi, tikataye m'chimbudzi, osati m'nyanja kapena mumchenga, ndipo tisambe m'manja ndi sopo. Akayamba kutsegula m'mimba, chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Ngati paketi ya kuchipatala palibe, tisakanize lita imodzi ya madzi owiritsa, timasupuni 6 ta shuga tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mchere. Mwana amwe pang'onopang'ono, kawirikawiri, tili panjira ya kuchipatala. Tisamuleke kuyamwitsa.

Achitatu ndi malungo. Kunyanja kumatentha, ndipo udzudzu umakonda kotentha. Mwana agone m'neti usiku uliwonse, ndipo dzuwa likamalowa avale zofika m'mikono ndi m'miyendo. Malungo saonekera tsiku lomwelo. Amatha sabata imodzi kapena awiri. Choncho tikabwerera kumudzi, mwana akatentha thupi, tisanene kuti ndi kutopa kwa ulendo. Akayezedwe magazi tsiku lomwelo, ndipo timuuze namwino kumene tidali.

Zokaona

Tisaganize kuti kunyanja ndi mantha okhaokha. M'mawa kwambiri tipite kugombe kukaona mabwato akufika ndi usipa, ndi amayi akuuyanika pa thandala. Usiku nyali za asodzi zimandandalika pamadzi ngati mudzi. Pakati pa miyala pali mbuna, tinsomba ta mitundu yowala, ndipo zambiri mwa izo sizipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Chifukwa cha nsomba zimenezi, mu 2011 boma lidaika mbali yathu ya nyanja kukhala malo otetezedwa. Tikachita mwayi tidzaona nkhungu, tizilombo touluka tonyamuka pamadzi ngati utsi. Pafupi ndi Chuanga pali Messumba, misheni yakale ya Anglikani. Amene afika mpaka ku Cóbuè amaona chilumba cha Likoma pafupi pomwepo, koma adziwe kuti ndi cha Malawi, ndipo kuwolokerako kumafuna zikalata za malire.

Mwana wa zaka 2 sadzakumbukira zonsezi. Asewere m'mawa ndi madzulo, masana agone pamthunzi, ndipo amwe madzi pafupipafupi. Masiku atatu kapena anayi akwana. Agogo ali ndi ntchito zawo, ndipo ufa wa alendo umachokera m'munda mwawo.

Ntchito ya lero

Tikambirane awiriawiri: m'banja mwanu, ndani angayang'anire mwana pagombe, ndipo ndani sangathe? Chifukwa chiyani?

Tiwerengere: ngati chitini chimodzi cha nyemba chigulidwa metikali 1,000, banja lija ligulitse zitini zingati kuti ulendo ukwane? Nanga azakhali akapita nawo, chapa idzadya ndalama zingati kupita ndi kubwera?

Tilembe: kalata ya mizere isanu yopita kwa agogo. Muwauze tsiku limene mufika, anthu amene akubwera, ndi masiku amene mukhale. Muwapemphenso akonze malo omangapo neti ya mwana. Amene watha abweretse kope kutsogolo kuno.